Lampusamu ya Ahedi, Khadi la Ambuya

"Inu munadya kale, akulu. Tisiyeni ife tidandaule."

Amene anayankhula choncho ndi mphunzitsi wachinyamata, atakhalira thumba la unga pakhonde la sitolo ina pa Nyimba, pomwe anthu a ku Luembe amadikirira galimoto. Kunali kumapeto kwa mwezi wina wa chilimwe cha 2025, masiku amene boma limadzaza ndi aphunzitsi, anamwino ndi alangizi a zaulimi obwera kudzatapa malipiro ndi kugula sopo, mchere ndi mafuta. Kanta inali itapakira kale malata ndi fetereza, koma dalaivala sankaoneka. Nkhani inkayenda m'Chinsenga chosakaniza ndi Chinyanja cha m'tauni, ndipo ine ndinangotchera khutu.

Ouzidwawo anali bambo achikulire a jekete lotuwa, amene aliyense wodutsa ankawapatsa moni kuti "ahedi" ngakhale choko anachisiya kalekale. Mnyamatayo kwawo ndi ku Kasama. Anabwera kuchigwa cha Luangwa mu 2022, pamene boma linalemba aphunzitsi 30,496 nthawi imodzi. Mbemba ndi munthu wa kum'mawa ndi pachimbuya, choncho iye ankatha kulasa mawu amene mwana wobadwira kuno sangayerekeze kuuza munthu wamkulu.

"Ndinadya chiyani, iwe mwana wa odya anyani?"

"Lampusamu. Munalandira ndalama yonse pamodzi, mwafolera nyumba, mwagula chigayo. Ife a NAPSA tidzatuluka pasukulu ndi katundu wa m'manja, n'kumadikira kandalama ka pamwezi."

Ahedi anaseka mpaka kutsokomola. "Chigayo chimene ukunenacho chinafa chisanabweze n'theka lomwe. Funsa amayi awa."

Mayi wogulitsa nthochi, amene maso ake anali kumsewu kudikira basi ya ku Chipata, sanacheuke n'komwe. "Chinalira miyezi ingati chija? Lomba muikira nkhuku."

Chimene awiriwa ankalimbirana chinayamba pa 1 Febuluwale 2000. Wantchito wa boma amene analembedwa tsikuli lisanafike ali m'thumba lakale la Public Service Pensions Fund, PSPF. Amene analowa pambuyo pake, kupatula asilikali, anapita ku NAPSA, bungwe limene lamulo la 1996 linakhazikitsa m'malo mwa Zambia National Provident Fund. Aphunzitsi awiri angathe kuphunzitsa m'makalasi oyandikana ndi kubwerekana choko, koma ukalamba wawo unalembedwa m'mabuku osiyana. Wa PSPF amadulidwa 7.25 peresenti ya malipiro, ndipo popuma amaloledwa kutenga mpaka magawo awiri mwa atatu a penshoni yake nthawi imodzi, gawo lotsalalo n'kumalandira pamwezi. Wa NAPSA amadulidwa 5 peresenti, boma n'kuikapo 5 inanso, ndipo mu 2025 akasonkha miyezi 180 chake chinali penshoni ya pamwezi. Ndalama ya nthawi imodzi ku NAPSA ankaipeza ndi amene wafika msinkhu wopuma asanakwanitse miyezi 180 ija. Aphunzitsi akamva zimenezi ankagwira pakamwa: wosonkha pang'ono ndiye atenge zake zonse m'manja?

"Umaona malata," anatero ahedi, "koma sunaone njira imene ndinayenda kuti ndiwapeze. Ndinapuma a Sata ali moyo. Mwezi womwe ndinapereka makiyi a ofesi, dzina langa linachoka pa peyirolo. Nyumba ya sukulu anati ndituluke, mwini wake watsopano wafika. Fayilo yanga inayenda kuposa ine: pano pa boma, ku Chipata, ku Lusaka, kubwereranso ku Chipata poti pepala limodzi linalibe chidindo. Ndikapita ku Lusaka ndinkagona pa benchi kusiteshoni ya mabasi ya Intercity, jekete lomweli ndilo bulangeti. M'mawa kusamba kumaso, kumanga tayi, kukauzidwa kuti bwerani mwezi wamawa."

"Nanga munkadya chiyani?"

"Kaloba. Utenga 100, ubweza 150. Pamene ndalama inatuluka, a Lungu ali pampando, eni ngongole anamva ine ndisanamve. Ndinawapeza akhala pakhomo ngati pali maliro. Simenti imene ndinawerengera popuma inali itakwera, ana awiri ali ku koleji, abale nawo akuti amalume alemera. Ukati ndinadya, ndiye kuti ndinadya zotsala."

Mnyamata uja anakhala chete pang'ono. Mwina kanali koyamba kumva mbali imeneyi.

Kuchedwa kotere sikunabwere chifukwa cha ulesi wa makalaliki okha. Thumba la PSPF linakonzedwa kuti achinyamata amene akugwira ntchito azisonkha, ndalama zawo zizithandiza kulipira amene akupuma. Chitseko chitatsekedwa mu 2000, osonkha anayamba kuchepa chaka ndi chaka pamene opuma akuchuluka. Zili ngati chilimba chimene mwaletsa anthu atsopano kulowamo, koma akale onse akudikirabe tsiku lawo lolandira. Chopereweracho chinatsala pamutu pa boma, ndipo boma likakhala ndi ngongole zina, wopuma ndiye wosavuta kumuuza kuti adikire, poti sangachite sitalaka. Anthu ena anafa mafayilo awo ali pamzere. Ena anakamanga misasa kunja kwa maofesi a unduna wa zachilungamo ku Lusaka, kugona pamenepo kuti aoneke.

Malamulo oyendetsera dziko atakonzedwa mu 2016, munalowa gawo 189, lomwe limati penshoni izilipidwa msanga ndiponso mosadumphitsa, ndipo ngati munthu sanalipidwe patsiku lake lomaliza, asiye ntchito koma dzina lake likhalebe pa peyirolo mpaka atalipidwa. Ahedi analiphonya gawo limeneli ndi zaka zochepa chabe, ndipo polinena mawu awo ankamveka nsanje. Kuyambira 2022 boma laika ndalama zambiri zochepetsera mzere wa odikira, ndipo opuma a masiku ano sadikira monga ankadikirira anzawo. Zimenezo n'zoona, ndipo ahedi sanatsutse. Anangoti, "Ndiye amene tinavutika kale atibwezera chiyani?"

Apa m'pamene mnyamata wa m'kabuthu ka ndalama za pafoni anasuzumira pawindo lake. Ndinkamuyesa wongosunga bizinesi ya wina, koma anali ndi dipuloma ya uphunzitsi m'chikwama.

"Atate, gawo limene mukulisiriralo ndi limene latisunga ife muno. Munthu wapuma, sakuphunzitsa, koma dzina lili pa peyirolo. Malo ake sangalembepo wina mpaka alipidwe. Kalasi ilibe mphunzitsi, ine ndili pano kuwerenga ndalama za eni. Ndiponso kale munkapuma pa 55. Lero munthu asankha 55, 60 kapena 65. Amene ali ndi ngongole kubanki sangasankhe 55. Akhala mpaka mano atha."

Zaka zimene ananenazo n'zolondola. Kumapeto kwa 2014 boma linakweza msinkhu wopumira kufika pa 65, anthu anakuwa, ndipo mu 2015 linabwerera pang'ono n'kuika zitatuzo: 55 kupuma msanga, 60 kupuma kwa nthawi yake, 65 kupuma mochedwa. Kwa osunga thumba la penshoni, munthu akachedwa kupuma amasonkha zaka zambiri n'kulandira zaka zochepa, ndiye mabuku amapepuka. Kwa mnyamata wa m'kabuthu, chaka chilichonse chowonjezera ndi chaka china chogulitsa mayunitsi. Onse awiri akunena zoona, ndipo sindinamvepo wandale amene analimba mtima kuwauza pamodzi kuti wina ayenera kuluza.

Pamulu wa makatoni panali mayi wina wa zaka za m'ma 40, nsapato zoyera, amene nthawi yonseyi ankalemba mauthenga pafoni. Anali namwino wa pakachipatala kena ka kumidzi. Atamva za ngongole anaika foni pachifuwa.

"Newo ndinatenga ka 20 peresenti, ndipo sindichita manyazi."

"Anesi, munadya mbewu," anatero ahedi. "Mudzalira pokolola."

"Mbewu yake iti, atate? Ndinagula puloti ku Petauke, ndathira maziko, mwana wanga woyamba ndamulipirira koleji popanda kupita kwa a kaloba. Inu munasunga yonse mpaka kumapeto, munapeza chiyani? Simwangotiuza nokha?"

Pakhonde panabuka chiseko, ndipo ahedi anakweza manja ngati wogwidwa.

Lamulo limene mayiyu anagwiritsa ntchito analisaina ndi Pulezidenti Hakainde Hichilema mu Epulo 2023. Linalola membala wa NAPSA amene wasonkha miyezi 60, kapena wafika zaka 45, kutapa 20 peresenti ya zosonkha zake asanapume, kamodzi kokha. M'miyezi yochepa mabiliyoni a makwacha anatuluka. Amene analipo pa Nyimba ndi pa Petauke nthawi imeneyo amakumbukira: njinga zamoto zatsopano, malata kutha m'masitolo, mabala kudzaza Lachiwiri masana. Kupempha kunali kwa pa intaneti, ndiye a kuchigwa, kumene netiweki imapezeka pachulu kapena pansi pa mtengo umodzi wodziwika, ankakwera kanta kudzalembetsa kuno. Amene dzina la pa reji linasiyana ndi la m'mabuku a NAPSA ndi chilembo chimodzi anayenda maulendo angapo. Anyamata odziwa kompyuta nawo anapezerapo yawo.

Mphunzitsi wa ku Kasama anawerenga pazala. Miyezi 60 sinakwane, zaka 45 zili kutali. "Ine ndidikira 2027. Tsiku lomwelo ndikatapa. Ndalama yanga ikumanga msewu wa Lusaka ndi Ndola, inamanga nyumba zamalonda za Levy, koma msewu umene ndikwere lero ukandithyola msana. Bola ndiidye ndili ndi mano."

Pamenepa ndiyenera kunena maganizo anga, poti pakhonde paja sindinayankhule. NAPSA kuika ndalama m'misewu ndi m'nyumba zamalonda si kuba. Ndalama yongogona imadyedwa ndi kukwera mitengo, iyenera kubala. Funso loyenera ndi lakuti ikubala zingati, ndipo wobwerekayo akubweza pa nthawi yake kapena ayi, makamaka ngati wobwereka ndi boma lomwelo limene limasankha oyang'anira thumba. Ndiponso pa mkangano wa lampusamu ndi penshoni ya pamwezi, ine ndili kumbali ya pamwezi. Munthu wopuma pa 55 angakhale ndi moyo zaka 20 kapena 30. Ndalama ya nthawi imodzi imafika ndi alendo ake: abale, malonda amene mwini sanawaphunzire, minibasi yogulidwa yakufa kale, nthawi zina ndi mkazi wachiwiri. Mphunzitsi wabwino sasanduka wamalonda wabwino chifukwa choti wapuma. Penshoni ya NAPSA ili ndi ubwino umene achinyamata sauona: imakonzedwa chaka ndi chaka motsatira malipiro a anthu m'dziko, mu 2025 siinkatsika kupitirira 20 peresenti ya malipiro apakatikati a dziko, ndipo mwini akamwalira mkazi kapena mwamuna ndi ana amalandirako. Gawo la pamwezi la opuma akale a PSPF linakhala zaka zambiri lili kandalama kosakwana ulendo wokalitenga.

Koma amene amati ofuna lampusamu ndi osaphunzira za ndalama sanakhalepo pakhonde ngati ili. Anthu awa ali ndi chikumbumtima. Makolo awo anasonkha ku Provident Fund zaka zambiri, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mitengo ikukwera kupitirira 100 peresenti pachaka, ndalama ya moyo wonse inasanduka ya thumba la unga. Ansenga ambiri ali ndi abale amene anachona ku Harare ndi ku Hwange, ndipo anamva mmene penshoni za ku Zimbabwe zinasungunukira mu 2008. Mu Novembala 2020 boma la Zambia lomwe linalephera kulipira ngongole yake yakunja. Munthu woona zonsezi ukamuuza kuti tisungire ndalama yako zaka 30, tidzakupatsa pang'onopang'ono, ali ndi chifukwa chofunsa kuti mudzakhalapo ndani.

Palinso china chimene ma peresenti a ku Lusaka sanena. Mphunzitsi kapena namwino wa kumudzi amakhala m'nyumba ya boma moyo wake wonse wa ntchito. Tsiku lopuma ndi tsiku lotuluka m'nyumbamo. Wosonkha ku NAPSA zaka 30 amayembekezera pafupifupi 40 peresenti ya malipiro ake, ndalama yogulira chakudya ndi mankhwala, koma yosamangira nyumba. Akamati lampusamu, ambiri akutanthauza denga. N'chifukwa chake mabungwe a aphunzitsi ndi a antchito a boma ankapempha kuti pamwamba pa NAPSA pakhale thumba lachiwiri la pantchito, monga alili makampani ena, loti lizipereka ndalama ya nthawi imodzi popuma. Maganizo amenewa ndi anzeru kuposa kumangoboola thumba limodzi lomwelo. Koma thumba lachiwiri limafuna kudulidwa kwachiwiri, ndipo pesilipi ya mphunzitsi ndi yodulidwa kale mbali zonse.

Bambo wina wowonda, amene anakhala chapatali atatsamira njinga yake, analavula chotokosera mano. Anagwira ntchito ku khonsolo, kutolera msonkho wa pamsika ndi wa makala.

"Mukukangana za nyama, ena msuzi womwe sitinauone. Ife a LASF ankatidula mwezi ndi mwezi, pa pepala zikuoneka. Kufika popuma, akuti khonsolo sinkatumiza. Ndiye ndimange ndani?"

Palibe amene anamuyankha. Local Authorities Superannuation Fund, thumba la antchito a makhonsolo, linatsekeredwanso mamembala atsopano mu 2000, ndipo makhonsolo ambiri m'dziko muno, amene ankalephera ngakhale malipiro a pamwezi, anakhala zaka osatumiza zosonkha. Pa mathumba atatuwa, opuma ake ndi amene adikira mowawa kwambiri.

Nkhani inatembenuka pamene ahedi anatulutsa kapepala ka mapilitsi m'thumba la jekete n'kupempha madzi. Anali a BP. Namwino anatenga kapepalako, nakayang'ana mbali zonse.

"Mwagula, atate? Simuli ndi khadi la NHIMA? Opitirira zaka 65 salipira, kungolembetsa."

"Khadi ndili nalo, mwana wanga. Kuchipatala anandilembera, akuti pashelefu palibe, pitani ku famase yovomerezedwa. Ndiwerenge ulendo wopita kumeneko ndi kubwerera, ndi nsima ya panjira. Ndinaona kuti kugula n'kotchipa kuposa kulandira zaulere."

Mphunzitsi wachinyamata anadumphira pomwepo. "Ine chilembedwere ntchito akundidula, khadi sindinaligwiritsepo. Ndikadwala malungo ndipita kwa anesi awa, amene amapereka mankhwala kwa aliyense, wa khadi ndi wopanda khadi. Ndiye 1 peresenti yanga ikuchiza ndani? Anthu a ku Kabulonga?"

Inshuwalansi ya zaumoyoyi inabwera ndi lamulo la 2018, ndipo kudula kunayamba mu Okutobala 2019: 1 peresenti ya malipiro oyambira kwa wantchito, 1 inanso kwa womulemba. Mabungwe a antchito anakana poyamba, ponena kuti ndi msonkho wina wovala dzina latsopano. Membala amalembetsa mkazi kapena mwamuna wake ndi ana, ndipo khadi limagwira ntchito m'zipatala, m'mafamase ndi m'malabu ovomerezedwa. Vuto la kuno ndi lakuti malo oterowo achuluka ku Lusaka ndi ku Copperbelt. Kumidzi chithandizo cha m'zipatala zing'onozing'ono chinali kale chaulere kuyambira 2006, pamene boma la a Mwanawasa linachotsa malipiro. Choncho wa ku Luembe khadi limayamba kumuthandiza akafika pa chipatala cha boma la Nyimba, ku Minga, ku Kalindawalo General ku Petauke, ku St Francis ku Katete kapena ku Chipata. Dziko la mfumu yaikulu Luembe lili mbali zonse ziwiri za Luangwa. Wodwala wa kutsidya nthawi ya dzinja ayambe wawoloka mtsinje wodzaza, apeze njinga yamoto, adutse matope, ndipo zonsezi khadi silimalipira. Amadulidwa mofanana ndi kalaliki wa ku Ridgeway ku Lusaka amene famase ili kuseri kwa ofesi yake.

Namwino sanalole kuti mnyamatayo apambane mosavuta.

"Ambuya, muli ndi zaka zingati? Simunadwale, thokozani. Mnzanga wina mkazi wake anafunika opaleshoni ndi sikani, zinthu zoti akanagulitsa ng'ombe zonse za kwawo. Khadi lomwelo linalipira. Inshuwalansi ndi choncho: amene ali bwino asenza amene wagona. Lero musenza ahedi, mawa ana anu asenza inu."

"Nanga bwanji ahedi agula okha mapilitsi?"

"Apo ndiye funsani. 2 peresenti ya malipiro oyambira ndi yochepa, odwala ndi ambiri. Olipira mokhulupirika ndi ife a pa peyirolo, poti amatidula tisanaione. Ena amalembetsa atadwala kale, achira, asiya kulipira. Ndiye NHIMA ichedwa kulipira zipatala ndi mafamase, a famase nawo ayamba kuyang'ana khadi ndi diso lofiira. Mukafuna liziyenda bwino, muvomere kudulidwa yambiri."

"Ayi, ayi! Pesilipi yanga yatsala mafupa."

Anaitulutsadi pafoni n'kuyamba kuwerenga mokweza: msonkho, NAPSA, NHIMA, bungwe la aphunzitsi, inshuwalansi ya maliro, ngongole ya kubanki, ngongole ina ya kakampani kobwereketsa. Alawansi ya kumudzi imene amapatsidwa chifukwa chokhala kutali inkathera m'ngongole ziwirizo. Anthu anaseka, koma kuseka kwa odziwa, poti mapesilipi a ambiri pakhondepo akanawerengedwa akanamveka chimodzimodzi.

Namwinoyo ananena zoona, koma ndikuona kuti anasiya theka. Kukweza peresenti kokha, malo olandirira chithandizo ali momwemo, kungachititse kuti wa kuchigwa azilipirira kwambiri wa m'tauni. Mankhwala a BP ndi a shuga, amene opuma ambiri amamwa tsiku ndi tsiku, atamapezeka pachipatala chaching'ono chapafupi pa khadi lomwelo, ahedi sakanafunsa phindu lake. Zikanathandizanso kusunga antchito kuchigwa. Mphunzitsi amene mwana wake ali ndi matenda a mphumu amayamba kulemba makalata opempha transifa chaka choyamba chomwe, ndipo sukulu za kutsidya zimatsala ndi aphunzitsi awiri kapena atatu.

Basi ya ku Chipata inaima, mayi wa nthochi anathamanga ndi beseni pamutu, nabwerako beseni lili theka. Anakhala pansi, namanga ndalama pansonga ya chitenje, kenaka anayang'ana gulu lonse.

"Lomba sewo? Mwewo mulira penshoni yachedwa, mulira khadi. Newo penshoni yangu ni beseni ino. Mwendo ukakana kuthamangira basi, basi kwatha."

Mawuwa anagwa molemera, chifukwa ndi mmene alili anthu ambiri a m'boma la Nyimba ndi la Petauke: alimi a chimanga, nshawa ndi thonje, asodzi, ootcha makala, amene alibe pesilipi yoti wina adulepo. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti anachitcha tsoka la dziko mu Febuluwale chaka chomwecho, chinawapeza opanda thumba lililonse kupatula mtukula pakhomo wa boma kwa amene analembedwa. Wina angafunse chifukwa chake msonkho umene mayiyu amalipira pogula sopo uzikatseka dzenje la penshoni ya anthu amene anali kale ndi malipiro.

Anayankha ndi ahedi, ndipo sanakweze mawu.

"Amayi, kandalama kanga ka pamwezi kakafika, mumakaona ndani poyamba? Si inu? Pakhomo panga pali adzukulu asanu, awiri ndi amasiye. Chaka cha chilala chija anthu angati anabwera ndi mbale? Penshoni ya mphunzitsi kumudzi sidyedwa ndi munthu mmodzi."

"Ico n'cendi," anavomera mayiyo. "Koma mukafa, ife tiona abale anu abwera ndi kanta kudzatenga malata."

"N'chifukwa chake ndinalemba wilo."

Namwino anatembenukira kwa mnyamata wa ku Kasama. "Mwamva, ambuya? Inu munakwatira chaka chatha. Mkazi wanu munamulembetsa ku NAPSA ndi ku NHIMA? Kapena m'mabuku mukadali amayi anu a ku Kasama?"

Mnyamatayo anakanda kumutu.

"Ndiye mukuti mudzatapa mu 2027. Munayang'anapo sitetimenti yanu kuti miyezi yonse inalowa? Pesilipi kuonetsa kuti adula si umboni woti ndalama inafika. Funsani bambo a khonsolo awo. Mwezi umodzi ukasowa, muutsate lero, amene anakulembani akadali pa ofesi. Mukadikira zaka 30 mudzapeza onse anasamuka, ena anafa, fayilo inadyedwa ndi chiswe. Ndipo mukafa opanda wilo, lamulo la 1989 ligawa lokha: mkazi 20 peresenti, ana 50, makolo 20, odalira inu 10. Kaya mufuna kaya simufuna."

"Anesi, mwandipha ndili moyo."

"Mbemba safa msanga, anyani akadalipo m'phiri."

Mnyamata wa m'kabuthu anagogoda pawindo ndi ndalama yachitsulo. "Netiweki yabwera. Wofuna kuona sitetimenti ya NAPSA abwere ndi reji ndi foni imene analembetsera. Ndi 10 kwacha."

"10 kwacha kuona ndalama yanga yomwe?"

"Mabandulo sagwa kumwamba, aphunzitsi. Mukandipezera malo pasukulu panu ndidzakuonerani ulere."

Mphunzitsiyo anadzuka pathumba la unga, nakung'untha thalauza, nayamba kufufuza reji m'chikwama uku akutsitsa mtengo kuti ukhale 5. Bambo wa khonsolo naye anakankha njinga yake kufika pawindo, kufunsa ngati makinawo amaonetsanso za LASF.